Galu wanga akuti ali ndi mafinya m'chiberekero, opaleshoni ndiyofunikadi lero lomwe?

MayiWaTiger:
Abale ndithandizeni maganizo, mutu sukugwira. Galu wanga wamkazi wa zaka 7, sanaberekepo ndipo sitinamutseketse, masiku ano akungomwa madzi osalekeza, kukodza pafupipafupi, chakudya akungonunkhiza nkuchoka, nde dzulo ndaona zinthu zachikasu zonunkha zikutuluka kunjira yoberekera iye nkumangonyambita. Ndapita naye kwa a vetenale amuunika ndi sikani akuti ndi pyometra, chiberekero chadzadza mafinya, akufuna amupange opaleshoni madzulo ano achotse chiberekero chonse ndi mazira omwe. Ine mantha, galu wamkulu kale chonchi akamugonetsa tulo adzukadi? Bwanji osangomupatsa kaye ma antibiotic tione? Alipo anakumanapo nazo?

Nesi_waZiweto:
Mayi pepani, koma musachedwe, a dokotala anu akunena zoona. Ndikufunseni, anamaliza liti nyengo yake yofuna amuna? Ndikukhulupirira mupeza kuti papita mwezi umodzi kapena iwiri chifukwa matendawa amakonda kubwera nthawi imeneyo. Galu akamaliza nyengo ija homoni ya progesterone imakhala yokwera kwa milungu yambiri kaya ali ndi bere kaya alibe, nde khoma la chiberekero limakhuthala, tizilombo makamaka E. coli timalowa nkuyamba kuswana, mafinya nkudzadza. Kumwa madzi kwambiri mukuonako ndi poizoni wa tizilomboti amene akusokoneza impso.

Mwayi wanu ndi woti zikutuluka, ndiye kuti khomo la chiberekero ndi lotseguka. Zoopsa kwambiri ndi zija zotsekeka zoti kunja sukuona kanthu, mimba ingofufuma galu nkumafooka, chiberekero chikaphulika mafinya amatayikira m'mimba monse ndipo pamenepo ntchito imakula kwambiri. Koma ngakhale lotseguka litha kutsekeka nthawi ina iliyonse. Ma antibiotic paokha safika bwino mkati mwa thumba lodzadza mafinya, galu amaoneka ngati wapezako bwino kenaka amabwerera ali wofookeratu ndipo wofooka ndi amene amavuta kumugonetsa. Za zaka 7 musade nazo nkhawa kwambiri, agalu ambiri amene timawapanga opaleshoni imeneyi ndi akuluakulu omwewa. Funsani ngati amuyeza magazi kuona impso ndi chiwindi komanso ngati amuika dilipi asanayambe.

Achimwene_Bauleni:
Koma ine ndinamvapo kuti alipo majakisoni oti chiberekero chimafinyika chokha mafinya nkutuluka osang'amba, sichoncho? Madokotala enawa amangothamangira mpeni

Nesi_waZiweto:
Achimwene aliko, ma prostaglandin komanso ena amati aglepristone, koma amapatsa galu wamng'ono woti mwini wake akufunitsitsa adzabereke, woti sanafooke ndipo impso zili bwino, ndipo amafunika kumuyang'anira pafupi ndi kumuunikaso kangapo. Vuto lake matenda amakonda kubwereraso akangodutsa nyengo ina yofuna amuna. Uyu wa zaka 7 wayamba kale kukana chakudya, palibe chifukwa chosungira chiberekero chimenecho. Ndipo poti tili pa majakisoni, aja ena amabayitsa agalu kuti asatenge bere ali ndi mahomoni amene amawonjezera mpata wa pyometra yomweyi.

AnaPusi:
Mayi wa Tiger limbani mtima, wanga anadutsamo ali ndi zaka 9 ndipo alipo mpaka pano kuba masokosi kkkk. Ine ndikuuzeni za pambuyo pake chifukwa mpamene ntchito yanu ili. Akupatsani kolala ija yonga fanelo yovala m'khosi, aziyenda akugundagunda zitseko nkumakuyang'anani momvetsa chisoni koma musamuvule ngakhale usiku, makamaka usikuwo, galu amatha kumasula ulusi wonse ndi mano inu muli mtulo ndipo pamimba si pamalo posewera. Ulusi amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14, nthawi yonseyo asasambe, asadumphe, asathamange, potuluka kukadzithandiza akhale pachingwe. Bala muziliona m'mawa ndi madzulo, kufiira pang'ono m'mbali mwa ulusi nkwabwinobwino koma likatupa, kutentha, kutuluka madzi onunkha kapena kutseguka thamangani naye. Muzimutukulaso mlomo kuona nkhama, zizikhala zofiirira, zikayera mbuu ndiye kuti mwina akutaya magazi mkati, imbani foni pompo.

China chofunika, musamupatse mankhwala athu a ululu. Brufen amawononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo amene muli ndi amphaka panado ndi poizoni weniweni, piritsi limodzi lokha limatha kupha mphaka. Perekani okhawo akupatsani kuchipatala ndipo mumalize onse ngakhale aoneke kuti wachira.

Amphaka nawoso amadwala pyometra ngakhale si kawirikawiri ngati agalu, koma iwo amabisa matenda komanso amadzinyambita kwambiri nde mafinyawo suwaona. Auzeniso a dokotala amupapase galu wanuyo mabere onse asanamugonetse, agalu aakazi osatseketsa amakonda kutuluka zotupa m'mabere ndipo pafupifupi theka la zotupazo zimakhala khansa, kwa amphaka nde zambiri zimakhala khansa. Akapeza kanthu akuuzani ngati angachotsere limodzi kapena adikire achire kaye.

MayiWaTiger:
Zikomo kwambiri nonse, a nesi mwalasa, nyengo yake anamaliza mwezi watha. Ndasaina pepala lija, magazi amuyeza akuti impso zakhudzidwa pang'ono koma atha kupirira, pano ali pa dilipi amumeta kale pamimba. Akuti agona konko usiku uno. Nanga akabwera kunyumba ndimupatse chakudya nthawi yomweyo kapena ndidikire?

Nesi_waZiweto:
Akuuzani pomutulutsa koma kawirikawiri timati yambani ndi madzi pang'ono, akapanda kusanza mupatseni chakudya chofewa chochepa, mwina theka la chimene amadya, kenaka muziwonjezera pang'onopang'ono. Tsiku loyamba akhoza kumangogona osafuna kudya, zimachitika. Koma akasanza kangapo kapena akakana chakudya kupitirira tsiku limodzi muwaimbire, ndipo mutenge nambala yoimba usiku musanachoke pamenepo. Kumwa madzi kwambiri kuja sikusiya tsiku lomwelo, kumachepa pang'onopang'ono nde musamubisire madzi.