Dripi ya cisplatin inagwira poyamba, pano akuti sikugwiranso. Zimatheka bwanji?

mwana_wa_Ntcheu:
Abale thandizeni kumvetsa. Mayi anga aang'ono ali ndi khansa ya khomo la chiberekero, chaka chatha analandira dripi ya cisplatin, ankasanza kwambiri mpaka makutu kulira koma chotupa chinaphwa, magazi anasiya kutuluka tonse tinasangalala. Pano chabwereranso ndiye adokotala akuti mankhwala omwe aja mwina sagwiranso ngati kale. Kumudzi ena akuti anali achinyengo ena akuti thupi lawo linazolowera. Zoona zake ndi ziti?

wa_kemisitile:
Pepani achimwene. Mankhwalawo sanali achinyengo ayi, ndipo si thupi lonse lomwe lazolowera, ndi maselo a khansa omwe anapulumuka ulendo woyamba uja. Pakati pa cisplatin pali chitsulo cha platinum, chikalowa m'selo chimakamata pa DNA, yomwe imasunga malangizo a selo, n'kuipinda, selo ija imalephera kugawikana kenako imafa. Barnett Rosenberg wa ku Michigan State University anazitulukira mwangozi mu 1965, ankayesa magetsi pa mabakiteriya ndi mawaya a platinum n'kuona kuti akungotalika osagawikana. Ku America anavomereza cisplatin mu 1978.

Tsono maselo opulumuka aja amakhala ndi njira zawo. Ena amachepetsa khomo lolowera lotchedwa CTR1, lomwe kwenikweni ndi la kopa koma cisplatin amalowera pomwepo. Ena amapopera mankhwalawo kunja. Ena amachulukitsa glutathione, kemikolo yemwe selo imapanga podziteteza, ameneyu ali ndi salufa ndipo platinum amakonda salufa moti amagwidwa panjira asanafike pa DNA. Enanso amangokonza DNA yowonongekayo msanga msanga. Ofooka afa, otsalawo ndi amene achulukana n'kupanga chotupa chachiwirichi.

nesi_ku_Leeds:
Zomwe anena achemwali pamwambapa ndi zoona. Ndingowonjezera kuti carboplatin, mankhwala enanso a platinum, amavutitsa impso pang'ono kuyerekeza ndi cisplatin koma amamata pa DNA mofanana, ndiye khansa ikakana mmodzi kawirikawiri imakananso mnzakeyo. Koma musataye mtima, kukana platinum sikutanthauza kuti zonse zatha, alipo mankhwala ena opanda chitsulo ngati paclitaxel. Mukapita nawo kafunseni kuti papita miyezi ingati chilandirireni dripi yomaliza ndipo impso zili bwanji, adokotala amayang'ana zimenezo posankha chochita. Chonde asasiye kupita kuchipatala chifukwa cha zonena za anthu, komanso mankhwala a ululu ndi ufulu wawo, apempheni.

mwana_wa_Ntcheu:
Zikomo anesi, ndizifunsa Lachinayi. Nanga asayansi sangamupangenso mwanjira ina platinum yemweyo kuti khansa isamuzindikire?

wa_kemisitile:
Ndi zomwe akulimbana nazo zaka zonsezi. Mwachitsanzo, mankhwala otchedwa picoplatin anawaikira kagulu kotchinga pafupi ndi platinum kuti glutathione avutike kumufikira. Satraplatin ndi wakumwa, platinum wake amakhala ngati wagona mpaka atalowa m'selo ndi pomwe amadzuka, anamuyesa pa khansa ya prostate koma sanatalikitse moyo wa odwala ndiye sanavomerezedwe. Ichi chimandipweteka ine, mu labu zinthu zimaoneka bwino koma pa munthu zimasintha.

Ena anasiya platinum n'kupita ku zitsulo zina zomwe sizidalira DNA yokha. Ruthenium ali ndi BOLD-100 yemwe akumuyesa pa khansa za m'mimba ndi m'matumbo, ndi TLD1433 yemwe amagwira ntchito pokhapokha amuwalitsire kuwala, ameneyo ndi wa khansa ya chikhodzodzo. Palinso auranofin wa golide, mankhwala akale a nyamakazi, amatseka thioredoxin reductase yomwe selo ya khansa imadzitetezera nayo. Onsewa pa khansa akadali poyesedwa achimwene, musawasake ku famase kapena kugula kwa munthu pa WhatsApp.

mwana_wa_Ntcheu:
Ndamva. Ndiwafotokozera agogo madzulo ano, iwo ndi amene nkhani ya achinyengo ija yawasowetsa tulo.