Madzi a khansa m'chifuwa, mayeso a LDH palibe: achibale ndiwauze chiyani?

CO (clinical officer) wa ku wodi ya amayi: Akuluakulu, thandizeni msanga. Mayi wa zaka za m'ma 50, khansa ya bere, madzi m'chifuwa mbali ya kumanja. Ndapopa kawiri m'masabata atatu, lero abweranso ali wefuwefu. Mwana wawo ali ku Joni, akuimba tsiku lililonse kuti akwere basi liti, magadiyani akufuna kupita nawo kumudzi. Ndawerengera LENT, mapointi oyerekezera masiku otsala a wodwala wa madzi a khansa m'chifuwa: ECOG (muyeso wa mphamvu za wodwala) ili pa 3 ndiye yapereka 3, khansa ya bere 1, NLR (kufananiza mitundu iwiri ya maselo oyera a magazi) sinafike 9 ndiye 0. Zonse 4. Chatsala ndi LDH (enzyme yomwe timayeza m'madziwo), koma ku labu akuti reagent yoyezera inatha. Ikadutsa 1500 ndiye kuti 5, gulu la masiku 44. Ikapanda kudutsa, gulu la masiku 130. Nditenge liti?

Mdala wa TB: Achimwene, TB mwaichotsa? Kuno ndi ku Blantyre.

CO wa ku wodi ya amayi: GeneXpert (mayeso a TB) ya madziwo negative, bwana. Cytology (kuunika maselo a m'madziwo) inaonetsa khansa.

Mdala wa TB: GeneXpert pa madzi a m'chifuwa imaphonya kwambiri, mukudziwa. Makhololo mwatumiza? HIV?

Dokotala wachichepere: Manambala a masiku 44 ndi 130 amenewo ndi median, theka la odwala anadutsa pamenepo. Komanso LENT inatuluka mu 2014 kuchokera kwa odwala a ku UK, Australia ndi Netherlands. Athu ambiri amafika matenda atapita kale patali. Pa khansa ya Kaposi ndiye sindiikhulupirira n'komwe.

Sister wa palliative (chisamaliro chochepetsa ululu kwa odwala matenda osachiritsika): Chonde musatchule nambala kwa achibale. Ine ndinauzapo banja lina kuti mwina miyezi itatu. Anagulitsa mbuzi, anaitana ana onse, bamboyo nakhala mpaka chimanga chinacha. Mkazi wake tinakumana mu Limbe, moni wanga sanayankhe. Wina ndinamuona akudya phala yekha m'mawa, ndinati ali bwino, usiku womwewo anatisiya. Panopa ndimayang'ana mmene akutsikira. Mwezi watha ankapita okha kuchimbudzi? Sabata ino akutembenuzidwa? Ngati akusintha sabata ndi sabata, ndiye kuti tikunena za masabata. Mwanayo muuzeni abwere mayi ake akadali kuyankhula.

Mdala wa TB: Ine ndinaona mnyamata atalembedwa palliative, madzi a magazi, aliyense akuti Kaposi. Tinamuyamba mankhwala a TB, lero akupalasa kabaza. Khansa ndi TB zimakhalira limodzi.

CO wa ku surgery: Mukamapopanso musadutse malita 1.5 nthawi imodzi. Akayamba kutsokomola kapena kumva kuthina pachifuwa, imani. Ndinaona wina atatsegula drain (paipi yotulutsira madzi m'chifuwa) n'kupita kukadya, pobwera wodwala ali thovu kukamwa. Ndipo jambulani mukapopa. Ngati phapo silikufufuma, pleurodesis (kuthira mankhwala omata phapo ku khoma la chifuwa kuti madzi asadzazenso) ingowapweteka chabe, siigwira.

Dokotala wachichepere: Talc yo, ufa wopangira pleurodesis, muipeza kuti? Ena amathira doxycycline kapena bleomycin, koma pa ECOG 3 ine ndingaganize kawiri.

Sister wa palliative: Asanapite kumudzi atenge morphine wakumwa, amathandiza ndi befu lomwe, ndipo musaiwale bisacodyl wothandiza kudzimbidwa komwe morphine amayambitsa. Gadiyani aphunzitsidwe kuyeza ndi syringe pamaso panu. Funsaninso kuti madzi akadzadzanso akapopetsa kuti, mtunda wake ndi wotani, transipoti alipira ndani. Mayiwo eni ake mwawafunsa zomwe akufuna, kapena mukungokamba ndi achibale pakhonde?

Mdala wa TB: Makhololo, achimwene. Tumizani kaye makhololo.

CO wa ku surgery: Alipo amene ali ndi three-way tap (kampopi kothandiza popopa madziwo) yotsala? Kuno tikupopa ndi cannula ndi giving set.