Code inalembedwa kampani isanabadwe: umwini wake usamutsidwe bwanji?

Nachisale: Ndifunse nawo kwa odziwa malamulo a makampani. Anthu atatu alemba pulogalamu ya pafoni kwa miyezi 8, kenako alembetsa kampani ndi kugawana masheya. Tsopano munthu wofuna kuikamo ndalama akuti amuonetse pepala lotsimikiza kuti code (malangizo olembedwa omwe amapanga pulogalamuyo), dzina ndi logo ndi za kampani. Kodi kukhala eni masheya sikokwanira? Ngati ayi, pepalalo lilembedwe motani?

Mbewe: Sikokwanira, mayi. Pamaso pa lamulo kampani ndi munthu payokha, ndipo imayamba kukhalapo tsiku lomwe yalembetsedwa. Chilichonse chopangidwa tsikulo lisanafike mwini wake ndi amene anachipanga ndi manja ake. Mmodzi mwa atatuwo akakangana ndi anzake mawa n'kuchoka, amachoka ndi copyright (umwini wa pa lamulo wa chomwe munthu walemba) ya gawo lomwe analemba, kampani n'kutsala ikugulitsa katundu wa eni.

Aliyense asaine mgwirizano wolembedwa wopereka umwini ku kampani. Za pakamwa kapena uthenga wa pa WhatsApp musadalire. Tsiku losaina likhale la pambuyo pa kulembetsa kampani, dzina ndi nambala ya kampani zilembedwe ndendende momwe zilili pa satifiketi. Mutchulemo chomwe woperekayo akulandira, kawirikawiri amakhala masheya ake aja. Kumapeto muike ndandanda wa katunduyo chimodzichimodzi: dzina la repository (malo osungira code), zojambula za maonekedwe a pulogalamu, logo, domain (dzina la webusaiti), zolemba zaukadaulo. Bodi ikhale pansi ivomereze kulandira, ndipo zilowe m'maminitsi.

Pamene pamagwa ambiri ndi pa mawu. "Ndikupereka tsopano" ndi "ndikulonjeza kudzapereka" ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ku America, wofufuza wina wa pa yunivesite ya Stanford anasainira sukuluyo kuti akuvomera kudzapereka umwini wa zomwe adzatulukire. Pambuyo pake anasainira kampani ya Cetus mawu akuti akupereka pompano. Kampani ya Roche inagula gawo la Cetus logwira ntchitoyo, ndipo pa mlandu wa ma patent (umwini wa zotulukira) a njira yoyezera kuchuluka kwa HIV m'magazi, khoti la apilo linati lonjezo la Stanford linali lisanasamutse kanthu pamene Cetus inali italandira kale. Stanford inagonjanso ku Supreme Court mu 2011. Ndi lamulo la ku America, inde, koma loya aliyense wa woika ndalama adzayang'ana mzere umenewu.

Gondwe: A Mbewe afotokoza bwino. Ine ndiwonjezere funso loyenera kufunsa pepala lisanalembedwe: kodi atatuwo ali nacho chomwe akuperekacho? Ngati mmodzi ankagwira ntchito ku banki kapena ku kampani ina ya mapulogalamu nthawi yomwe amalemba, werengani kontrakiti yake ya ntchito. Zambiri zimati chomwe wapanga pa nthawi ya ntchito kapena pa laputopu ya kuntchito n'cha abwana. Zikakhala choncho pafunika kalata ya abwanawo yonena kuti alibe nazo gawo, apo ayi code imeneyo ilembedwenso.

Musaiwalenso mnyamata amene anajambula logo mutamulipira pa Airtel Money. Risiti ikusonyeza kuti analandira ndalama, sikunena kuti umwini wapita kwa yani. Naye asaine tsamba limodzi lokha, likwana. Chimodzimodzi aliyense amene anathandizako code ngakhale kwa sabata imodzi.

Za open source (code ya ena yomwe aliyense amaloledwa kugwiritsa ntchito) sizingaperekedwe, poti si zanu. Lembani ndandanda wa ma library onse (zidutswa za code ya ena zomwe munaikamo) ndi laisensi zake. Laisensi za MIT ndi Apache sizivuta kwenikweni, koma ya GPL imafuna kuti mukagawira anthu pulogalamu yomwe mwaphatikizamo code yake, nanunso mutsegule yanu pa laisensi yomweyo.

Nachisale: Zikomo nonse. Nanga dzina, poti mmodzi wa iwo analilembetsa kale ngati trademark (chizindikiro cha malonda) m'dzina lake?

Mbewe: Pamenepo kusaina kokha sikumaliza nkhani. Tengani mgwirizanowo ku ofesi komwe trademark inalembetsedwa kuti asinthe dzina la mwini m'kaundula, ndipo ngati munadzera ku ARIPO (bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa ma trademark ndi ma patent) ku Harare, nakonso adziwitsidwe. Domain, akaunti ya Google Play ndi repository zichoke pa imelo ya munthu zipite pa ya kampani, anthu osachepera awiri akhale ndi makiyi. Koma kusuntha repository pa GitHub (webusaiti yosungirako code) sikusamutsa copyright, pepala lija likufunikabe.

Mu mgwirizanowo muikemonso ndime ziwiri: yoti zonse zomwe wosainayo adzapange mtsogolo pa ntchito ya kampani akuzipereka kale, ndi yoti adzasainabe mapepala ofunika ngakhale atachoka. Musanasaine, akauntanti aone ngati kusinthanitsa katunduyu ndi masheya kukubweretsa msonkho ku MRA.