Hilux ndiikonze bwanji kuti ikafike ku Mpika kudzera m'chigwa cha Luangwa?

Wofunsa wa ku Kapata

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Hilux double cab ya 2010, injini ya 3.0 D-4D, yayenda makilomita 210,000. Ndikufuna izitha maulendo ataliatali a m'tchire, anthu anayi, kugona m'njira. Ulendo woyamba ndi wa mu Ogasiti, konkuno ku Zambia: Chipata, Mfuwe, Luambe, kuwoloka Luangwa pa pantoni ku Chifunda, kudutsa North Luangwa, kukwera Muchinga mpaka ku Mpika. Ndalemba bull bar yachitsulo (chotchingira kutsogolo), winchi (makina a chingwe okokera galimoto ikatitimira), kuikweza mainchesi anayi, matayala akuluakulu a m'matope, tenti ya padenga, firiji ndi madirowa kumbuyo. Ndalama sizingakwanire zonse nthawi imodzi. Ndiyambe ndi chiti, nanga chosiya ndi chiti?

Makanika wa ku Katete

Achimwene, zonse mwalembazo n'zowonjezera katundu, pamene chimene chimathyola galimoto m'chigwa ndi kulemera komweko. Yambani mwawerenga GVM, kulemera konse kumene galimoto siyenera kupitirira itasenza katundu, pa kachitsulo ka fakitale, kenaka kaiyezeni pa sikelo thanki ili yodzaza. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiye katundu amene ingasenze, kuwerengera ndi anthu omwe. Pa double cab yotere nthawi zambiri pamatsala makilogalamu 800 mpaka 900.

Tiwerengere limodzi. Anthu anayi, makilogalamu 300. Bull bar ndi winchi, pafupifupi 100. Kanope ndi madirowa, 130. Kariyala ndi tenti, 90. Tayala lachiwiri lapadera 30, batire lina ndi firiji yodzaza 65, madzi malita 60 ndi zigubu zake 65, zigubu ziwiri za dizilo 42. Tadutsa kale 820, pomwe jeke, masipanala, ufa, mapoto ndi zofunda sizinakwere.

Ndalama yoyamba ipite kumene anthu sakuona. Injini yanuyo ndi 1KD, ndipo ili ndi nthenda yake yodziwika: mawashala a pansi pa ma injector (zopopera dizilo mu injini) akayamba kudontha, utsi umalowa mu oyilo, oyiloyo amaundana n'kutseka kasefa ka m'sampu, injini n'kugwira popanda chenjezo lenileni. Sinthani mawashalawo, ndipo potsitsa oyilo muunike kasefako ndi tochi kudzera pa bowo la sampu. Timing belt yake, lamba woyendetsa mavavu a injini, imasinthidwa pa makilomita 150,000 aliwonse. Ngati palibe umboni woti inasinthidwa, sinthani pamodzi ndi tensioner ndi pampu ya madzi. Rediyeta ichotsedwe, itsukidwe mkati ndi kunja, makamaka pakati pa iyo ndi condenser ya AC pamene pamadzaza njere za udzu. Mapaipi a madzi amene afewa kapena kutupa atayidwe. Muikenso filita ina ya dizilo yolekanitsa madzi, ya ma micron 30, patsogolo pa ya fakitale. Common rail, njira imene injini yanuyi imalandirira dizilo, sigwirizana ndi madzi ngakhale pang'ono, ndipo ma injector anayi atsopano ndi okwera mtengo kuposa tenti mukuifunayo.

Za mainchesi anayi iwalani. Kutsogolo kwa Hilux imeneyi kuli ma CV joint, mfundo zopereka mphamvu ku mawilo, ndipo mukaikweza kwambiri amagwira ntchito atapendekeka, mabuti (malabala owaphimba) amang'ambika, girisi amatuluka, mchenga n'kulowa. Mamilimita 40 mpaka 50, osapitirira mainchesi awiri, akwana. Masipuling'i mugule pomaliza, mutadziwa kulemera kwenikweni kwa galimoto, chifukwa amagulidwa malinga ndi katundu wokhazikika. Olimba kwambiri pa galimoto yopepuka amaidumphitsa, mabawuti n'kumamasuka okha.

Dalaivala wa ku Mfuwe

Zimene anena a makanika n'zoona. Ine ndionjezere za njirayo, chifukwa ndi imene ikuuzeni zogula.

Kuchoka ku Chipata kufika ku Mfuwe ndi tala, makilomita pafupifupi 130. Mudzaze thanki ku Mfuwe, chifukwa kuchokera pamenepo mpaka ku Mpika, mtunda wopitirira makilomita 300, musayembekezere pampu ya mafuta. Galimoto imene pa tala imamwa malita 9 kapena 10 pa makilomita 100, ikadzaza katundu n'kumayenda mu mchenga ndi giya ya low imafika 15, nthawi zina kuposa. Thanki ya Hilux sipitirira malita 80, ndiye zigubu ziwiri za malita 20 ndi za kusochera, kubwerera ngati pantoni sikugwira ntchito, ndi zokwera za Muchinga. Pantoniyo ndi ya m'chilimwe chokha ndipo imanyamula galimoto imodzi. Funsani a DNPW, nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, musananyamuke.

Matayala a m'matope mu Ogasiti alibe ntchito. Mvula ikagwa dothi la makande la ku Nsefu ndi Luambe limatseka njira, tayala la mtundu uliwonse limangozungulira pamodzimodzi. M'chilimwe makande omwewo amauma gwa, okumbikakumbika ndi mapazi a njovu ndi mvuu, ndipo mumayenda makilomita 15 kapena 20 pa ola. Mdani wa tayala kumeneko ndi zitsa za tsanya zobisala m'mbali mwa njira, zimene zimaboola m'nthiti mwa tayala, malo osamatika. Choncho gulani all-terrain (a njira zamitundu yonse) olembedwa LT, kutanthauza light truck, a m'mbali molimba, saizi yomwe ili pagalimotoyo kapena yokulirapo pang'ono. Saizi yachilendo ikaphulika ku Chama kapena ku Mpika mudzaidikira kuchokera ku Lusaka. Apadera akhale awiri.

Mpweya ndiwo umayendetsa galimoto mu mchenga, osati mphamvu ya injini. Pa tala ndi katundu, ma bar 2.3 kutsogolo ndi 2.8 kumbuyo pa geji ya mpweya wa matayala. Pa msewu wadothi wa timizere tonga malata, tsitsani kufika 1.8 ndi 2.2, liwiro lisapitirire makilomita 60 pa ola, ndipo muziima kukhudza mashoko. Akatentha moti dzanja silingakhalepo, oyilo wa mkati akhoza kuchita thovu n'kusiya kugwira bwino, apumitseni. Powoloka mitsinje youma monga Lukuzye, 1.3 mpaka 1.5, giya yachiwiri kapena yachitatu ya low, phazi losasinthasintha. Mukatsika pansi pa 1.0 n'kukhota mwamphamvu, tayala limavuka pa limu. Mukangotuluka mu mchenga popani. Ndiye kompuresa yabwino yolumikiza pa batire mwachindunji, geji ndi mapulagi omatira matayala zibwere winchi isanabwere.

Pamene pali madzi, malangizo aja oti muyambe mwayenda pansi kuyeza kuya si a ku Luangwa, kuli ng'ona. Funsani a m'mudzi kapena onani pamene ngolo zimadutsa. Ma breather (timabowo topumira mpweya) a madifu ndi giyabokosi atalikitsidwe ndi kapaipi ka mamilimita 6 kufika pamwamba m'boneti, chifukwa difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imakoka madzi. Mukapeza oyilo wa difu watuwa, sinthani tsiku lomwelo.

AC nayo ikonzedwe, si zamanyado ayi. M'nkhalango za tsanya akashembe amatsata galimoto yoyenda, ndipo mawindo amakhala otseka tsiku lonse.

Wofunsa wa ku Kapata

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndiye winchi ndi bull bar ndizisiye? Nanga tayala lachiwirilo ndi zigubu ndingawotcherere pozikoleka kumbuyo kwa bampala?

Wowotcherera wa ku Chipata

Kumbuyoko ayi, bambo. Pa double cab, bodi yambiri ili kuseri kwa ekiselo ya kumbuyo. Mukakoleka makilogalamu 100 mita yathunthu kuseri kwa ekiseloyo, pa bampu lililonse katunduyo amakhotetsa chassis, ndipo imapindika pakati pa kabini ndi bodi. Chizindikiro choyamba ndi mpata wa pakati pa ziwirizo kukula kumwamba. Ma airbag oika pamwamba pa masipuling'i amakulitsa vutoli akapopedwa kwambiri, chifukwa kulemera konse kumatsamira malo amodzi. Zolemera zonse, madzi, dizilo, batire ndi tayala, zikhale pansi, zotsamira khoma la kutsogolo kwa bodi. Padenga pakhale zofunda ndi mipando basi. Tenti ya pansi imalemera makilogalamu osakwana 15 pamene ya padenga ndi 50 mpaka 70, ndipo ya padengayo imapendeketsa galimoto potsetsereka m'magombe a mitsinje.

Pa chassis musawotcherere chilichonse, musaboolenso m'mphepete mwake mwa pamwamba kapena pansi. Gwiritsani mabowo a fakitale ndi mabawuti a giredi 8.8 okhala ndi manati a nyloc, a pulasitiki mkati osamasuka okha. Felemu ya madirowa, chubu cha 25 x 25 x 1.6 ndi pulayiwudi ya mamilimita 12 zikwana. Angle iron yokhuthala ndi kungonyamula chitsulo chopanda ntchito.

Pa winchi ndisiyana nawo pang'ono anzangawa. Ngati mukuyenda magalimoto awiri, isiyeni. Ngati muli nokha, ndi yothandiza m'magombe otsetsereka, ya mapaundi 9,500 ya chingwe cha synthetic chifukwa n'chopepuka. Koma kaya ilipo kaya palibe, mufunika malo okokera olimba omangidwa pa chassis, mashakolo olembedwa matani 4.75, lamba wokokera wa makilogalamu 8,000, fosholo ya mpini wautali ndi thabwa lokhuthala loikapo jeke mu mchenga. Pa tow ball, kampira kachitsulo kokolekapo telela, musakokerepo; imaduka n'kuuluka kulowa pagalasi la galimoto inayo. Tizitsulo topindika ta pansi pa bampala n'tomangira galimoto pa sitima, si tokokera.

Wamagetsi wa ku Lundazi

Pa firiji pokha. Ya malita 40 m'kutentha kwa m'chigwa imatha kudya ma amp-hour 35 mpaka 45 pa tsiku. Batire la AGM la 100Ah mumagwiritsa theka lokha ngati mukufuna likhalitse, ndiye ndi tsiku limodzi ndi pang'ono galimoto itaima. Likakhala kumbuyo m'bodi, lichajidwe ndi DC-DC, chaja yotenga magetsi ku batire loyamba, ya ma amp 25, waya wa 16 mm², ndipo wa negative ubwerere ku batire loyamba, osadalira bodi. Fyuzi ya ma amp 40 ikhale pafupi ndi batire lililonse, osapitirira masentimita 20 kuchokera pa teminolo. Magalimoto ambiri amene amapsa m'tchire, gwero ndi waya wopanda fyuzi wokhuzika pa chitsulo, kapena udzu wouma wokodwa pa ekizozi. Waya adutse m'kapaipi, pabowo lililonse pakhale labala, ndipo mukadutsa m'udzu wautali imani muchotse wa pansi ndi kawaya kokhota. Chozimitsira moto chikhale pofikira dzanja la dalaivala, osati pansi pa katundu. Ngati mudzaima malo amodzi masiku awiri, onjezani solar ya mawati 120 yopinda, yoti muziisuntha kutsata dzuwa galimoto ili pamthunzi.