Ndingatani kuti antchito amene ndikuwayang'anira azindikhulupirira?

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu a pagulu lino, ndikupempha nzeru. Posachedwapa ndinakwezedwa kukhala woyang'anira dipatimenti imene ndakhala ndikugwiramo ntchito. Bwana amene ndinamulowa m'malo ankalonjeza zokweza malipiro ndi kuwonjezera antchito koma osachita, ndipo munthu akatchula vuto pamsonkhano, nkhaniyo inkadzamutsata pa nthawi younika kagwiridwe kake ka ntchito. Anthu anazolowera kukhala chete, moti pamsonkhano amangovomereza zonse, ine n'kudzamva mochedwa kuti ntchito ya kasitomala inasokonekera kalekale onse akudziwa.

Tsopano akuluakulu a kampani andiuza mwachinsinsi kuti chaka chino sakweza malipiro, ndipo andiletsa kuulula mpaka iwo atalengeza. Antchito akundifunsa kawirikawiri. Ndikati sindikudziwa ndiye kuti ndanama, ndikaulula ndiye kuti ndaphwanya chinsinsi. Kodi amene munakumanapo ndi zotere munatani?

Yankho loyamba: Musayerekeze kunena kuti simukudziwa, chifukwa tsiku lolengezalo adzazindikira kuti munkadziwa, ndipo adzakuikani m'gulu limodzi ndi bwana wakale uja. Auzeni kuti pali zimene mwauzidwa koma simunaloledwe kuzinena. Mu 1995, akatswiri ofufuza Roger Mayer, James Davis ndi David Schoorman anafotokoza kuti munthu amakhulupiriridwa pa zinthu zitatu: luso lake, kufunira ena zabwino, ndi kukhala woona pa zimene amanena ndi kuchita. Anthu anu luso lanu akulidziwa kale popeza mwagwira nawo ntchito. Chimene akuchikayikira ndi mawu a aliyense wokhala pampandowo. Lonjezani zochepa zimene zili m'manja mwanu, monga kukonza ndandanda ya tchuthi, ndipo muzichite pa tsiku limene mwanenalo.

Yankho lachiwiri: Ine ndikhudzeko za kukhala chete kuja. Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard, pofufuza m'zipatala m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti magulu a anamwino ogwirizana bwino ndi amene ankaulula zolakwika zambiri zochitika pa ntchito yawo, chifukwa sankaopa kuzinena. Kafukufuku wa Google wotchedwa Project Aristotle, amene anayamba mu 2012, anapezanso kuti ufulu wolankhula mopanda mantha ndi umene unkasiyanitsa kwambiri magulu ochita bwino. Choncho woyamba kukubweretserani nkhani yoipa mumulandire mosamala, musamufunse kuti wolakwa ndani asanamalize kufotokoza, pakuti anzake onse adzakhala akuona chimene chimuchitikire.

Yankho lachitatu: Ndikusiyana pang'ono ndi woyankha woyamba. Mukangoti pali zimene simungazinene, aliyense adziwa kuti nkhani si yabwino, ndipo mphekesera zikhoza kufika pa zochotsa anthu ntchito. Yambani mwapita kwa akuluakuluwo, muwauze kuti anthu akufunsa, ndipo muwapemphe tsiku lenileni lolengeza kuti mukhale ndi choyankha.