Mapepala a ana aja afika, tiwachonga bwanji?

Mlembi: Abale, mapepala a mafunso ochokera kusukulu yathu ku Lirangwe andipatsira dzulo pa Wenela. Ana a Sitandade 3 ndi 4 amene amabwera ku kalasi yamasana yowerenga Chichewa ayankha. Pa funso lililonse amazunguliza nkhope: yosekerera, yapakatikati kapena yokhumudwa. Ine ndimati yosekerera tiipatse 3, inayo 2, yomalizayo 1, kenako tiphatikize. Kungoyang'ana pamwambamwamba, pafupifupi onse asankha yosekerera.

Msungichuma: Ndiye basi, njirayi ikuyenda. Tisonkhenso za temu ikubwerayi pa Mpamba.

Anambewe: Dikirani kaye a Msungichuma. A Mlembi, ana ankalemba muli ndani m'kalasimo?

Mlembi: Aphunzitsi omwewo. Ndi amenenso ankawawerengera mafunso.

Anambewe: Vuto ndi limenelo. Ine ndagwira choko zaka zambiri ku Ndirande. Mwana woleredwa kwathu kuja sangazungulize nkhope yokhumudwa aphunzitsi ake ataima pambali pake. Amaona ngati ndi mwano, komanso amaopa kuti mabuku a nthano amene tinagula tiwalanda. Pepalalo likutiuza kuti ana ali ndi ulemu komanso kuti kalasi akuikonda. Zoti akutha kuphatikiza "mbwa" ndi "nkha" n'kuwerenga chiganizo, silikunena.

Achisale: Ndaona zithunzi mwatumizazo. Funso la nambala 7 likuti "Ndimachita mantha aphunzitsi akandiuza kuti ndiwerenge mokweza." Apa mwana wovomera ndiye amene zikumuvuta. Mukamupatsa 3 ngati mafunso enawo, mwasandutsa mantha kukhala malikisi abwino. Funso limeneli litembenuzidwe: wovomera 1, wokana 3.

Mlembi: Zikomo achimwene, sindinaziganize. Nanga pamene mwana sanayankhe?

Achisale: Musalembe ziro. Pasiyeni, ndipo mugawe ndi mafunso okhawo amene wayankha. Komanso funso lililonse tilione palokha, tidziwe kuti ndi ana angati anasankha chiyani. Mukasakaniza za mabuku, za nthawi yowerukira ndi za aphunzitsi mu nambala imodzi, tidzalephera kudziwa pamene tikonze.

Msungichuma: Koma anthu inu, ndalama za pulinti ndi thiransipoti zapita kale. Mukuti tingotaya?

Anambewe: Ayi bambo, sititaya. Mawu a ana ndi ofunika, ndipo funso la 7 lija ndikulifuna kwambiri. Ndikungopempha kuti tiwonjezere chinthu chimodzi. Mwana apatsidwe kankhani kakafupi kamene sanakaonepo, awerenge kwa mphindi imodzi, wina azilemba mawu amene wawerenga molondola, kenako amufunse mafunso awiri atatu kuti tione ngati wamva. Tichite poyamba temu ndi potseka. Tiyesenso ana ena a kalasi yomweyo amene sabwera masana, chifukwa pulogalamu ya boma ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, imaphunzitsa kale maliwu ndi maphatikizo m'mawa. Tingamadzitame ndi ntchito ya ena.

Wapampando: Ndamva nonse. Ahedi ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lija, aziona bwanji zimenezi? Tisangofika ngati oyendera sukulu, aphunzitsi angaganize kuti tikuwasaka zifukwa.

Anambewe: Ndiwaimbira ahedi mawa m'mawa. Akalola, Lachisanu ndikwera minibasi ndekha, koma ndikufuna munthu mmodzi woti azindisungira nthawi.

Mlembi: Ine ndipita nanu amayi. Mapepalawa ndiyambiranso usiku uno, funso la 7 ndilitembenuze.