Ulendo wa ku Karonga watikanika, ana ndiwatengere kuti?

Mphunzitsi wa ku Area 25:
Aphunzitsi anzanga a History, ndigawireni nzeru. Ndinalonjeza ana anga a Fomu 3 kuti teremu ino tipita ku Karonga kukaona kumene Angerezi ndi Majeremani anamenyanirana pa 9 September 1914, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, manda a asilikali ndi museum ya kumeneko. Dzulo tinakhala pansi ndi ahedi kuwerengetsera basi, pogona ndi chakudya. Makolo ambiri sangakwanitse, ndipo ine sindingalole kuti apite ana khumi okha a m'mabanja opeza bwino. Ahedi akuti tingopita ku chipilala cha ku Area 18 kuno ku Lilongwe, chokumbukira asilikali amene anafera ku nkhondo. Komatu chaka chatha ndinapitako ndi kalasi ina, ana anangojambulitsa pa chiboliboli cha Kamuzu, kenako n'kuyamba kufunsa kogula chipisi. Ndinabwerako mtima ukuwawa.

Madam a ku Kawale:
Pepani achimwene. Koma ndifunse, musananyamuke munawauza chiyani anawo? Mwana akafika pa chipilala alibe nkhani m'mutu amangoona simenti. Ine ndimayamba sabata ziwiri ulendo usanafike. Ndimajambula nyanja pa bolodi, n'kuwaonetsa Liuli kutsidya la Tanzania, kumene sitima ya Angerezi, Guendolen, inaombera sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, pa 13 August 1914. Ana amadabwa kuti nkhondo imene amaiyesa ya ku Ulaya inafika pa nyanja yathu yomweyi isanathe ngakhale mwezi umodzi.

Abambo opuma ntchito, Area 49:
Ana anga, poti mwatchula chipisi, yambirani pomwepo. Afunseni kuti chipisi amakazingira pa chiyani. Akati pa chiwaya, auzeni kuti makolo athu ankaitcha nkhondoyi Nkhondo ya Chiwaya, chifukwa mfuti yolavula zipolopolo motsatizana ija ankaitcha chiwaya. Mudzaona kalasi yonse ili zii.

Koma chimene chimandipweteka ine ndi cha amtengatenga. Agogo anga anali mmodzi wa iwo. Sanagwire mfuti, anasenza katundu wa asilikali pamutu, wapansi, ndipo sanapite mwa kufuna kwawo, anachita kugwidwa m'mudzi. Anthu a dziko lino amene anasenza katundu motero anali pafupifupi 200,000, pamene asilikali anali pafupifupi 19,000. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi kutopa. Agogo ankatiuza usiku pamoto kuti mnzawo wa m'mudzi mwawo anamusiya pansi pa mtengo akupumabe, chifukwa gulu silikanaima. Mwana amene wamva zimenezi sangafike pa chipilala n'kumaganiza zojambulitsa.

Mphunzitsi wa ku Likuni:
Zoona bambo. Onjezaninso John Chilembwe. Ana amadziwa za kuukira atsamunda kwake kwa pa 23 January 1915 ndi nkhope yake pa ndalama, koma ambiri sadziwa kuti mu November 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Magazi a ku Karonga aja ndiwo anali m'maganizo mwake.

Komabe ine ndisabise, Area 18 siingalowe m'malo mwa Karonga. Kuima pa manda enieni n'chinthu china. Musautaye ulendowo, ingousunthani.

Madam a ku Kawale:
Palibe amene wati autaye. Koma ana amene ali m'kalasi panopa sangadikire ndalama za chaka chamawa. Achimwene, apatseni ntchito iyi: aliyense akafunse agogo kapena munthu wamkulu wa kwawo ngati m'banja mwawo munali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la Angerezi kuno kwathu) kapena mtengatenga. Ena adzabwera ndi nkhani za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, za amene anapita ku Burma. Zilandireni, nazonso n'zathu. Pa chipilalapo mwana aliyense awerenge dzina limene wabwera nalo, mokweza, anzake ali chete. Zithunzi zibwere pamapeto.

Mphunzitsi wa ku Area 25:
Mwanditsegula m'maso. Ndikuvomera kuti chaka chatha ndinangowakweza minibasi osawakonzekeretsa. Bambo a ku 49, kodi mungalole kudzatiperekeza kuti nkhani ya agogo anu anawa aimve kuchokera pakamwa panu? Thiransipoti ndikonza ine.

Abambo opuma ntchito, Area 49:
Ndibwera ndithu mwana wanga. Koma tipite m'mawa dzuwa lisanakwere, miyendo yangayi sichedwa kutopa. Ngati n'kotheka sankhani tsiku loyandikira 11 November, tsiku limene mfuti zinaleka kulira ku Ulaya mu 1918. Kuno kwathu Majeremani anadzatula zida pa 25 November ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia. Zimenezonso anawo azimve.

Mphunzitsi wa ku Likuni:
Mukagwirizana tsiku mundiuze, ndibweretse anga tigawane mtengo wa basi. Za Karonga tiyambe kusonkha pang'onopang'ono mu January, masukulu awiri pamodzi.

Mphunzitsi wa ku Area 25:
Chabwino. Mawa ndikaonana ndi ahedi, makalata a makolo atuluke Lachisanu.